Apongozi anga a ku Cambodia salankhula za nthawi ya Pol Pot, tiwakakamize?

Uthenga uwu wachokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Massachusetts ku America. Ndaudula pena ndi pena koma mawu ndi awo omwe.

"Moni bambo. Ine ndine namwino, ndinakwatiwa ndi mwamuna wa ku Cambodia, iyeyo anabadwira mu kampu ya anthu othawa nkhondo ku Thailand nkubwera kuno ali khanda. Timakhala nyumba imodzi ndi apongozi anga aakazi. Ndi mayi abwino zedi koma pali zinthu zomwe sindizimvetsa. Amabisa mpunga ndi zakudya zamzitini pansi pa bedi, usiku amadzuka akukuwa, ikangofika April amangodwaladwala, mutu, chizungulire, mtima kuthamanga, tikapita kuchipatala akuti palibe chomwe apeza. Mwezi wathawu mwana wathu wamkazi wa zaka 13 anapatsidwa homuweki yolemba mbiri ya banja lake, atatenga kope nkukawafunsa agogo ake za nthawi ya Pol Pot, anadzitsekera kuchipinda tsiku lonse osadya. Amuna anga akuti tingozisiya, akuti olo khothi lija linadya ndalama zankhaninkhani nkumanga anthu atatu basi, ndiye kukumba zakale kuli ndi phindu lanji. Ine mtima sukundilola. Chinachitika nchiyani kwenikweni? Chilungamo chinachitikadi? Tiwakakamize alankhule mwina angapepukidwe, kapena titani?"

Achemwali, choyamba mtima mmalo. Mwana wanu sanalakwe kufunsa, inunso simunalakwe kumulola, ndipo apongozi anuwo sikuti mutu wayamba kusokonekera ayi. Zonse mwafotokozazi, kubisa chakudya, kukuwa usiku, kudwala nyengo imodzimodzi chaka ndi chaka koma kuchipatala osapeza kanthu, ndaziona kambirimbiri pa zaka zomwe ndakhala ndikugwira ntchito ndi anthu opulumuka ku nkhondo ndi mabanja awo, ndipo pakati pa anthu a ku Cambodia a msinkhu umenewo ndiye nzofala kwabasi. Kafukufuku wina amene anatuluka mu 2005, anachitikira ku Long Beach ku California komwe kuli anthu a ku Cambodia ochuluka, anapeza kuti 62 mwa anthu 100 aliwonse amene anafunsidwa anali ndi vuto la maganizo lobwera munthu akadutsa mu zoopsa, lomwe madokotala amati PTSD, apo nkuti patadutsa zaka pafupifupi 20 chifikireni ku America. Ndiye simuli nokha.

Zowakakamiza zija ndiyankhiretu, ayi, musayerekeze dala. Koma ndikufuna mumvetse chifukwa chake, ndipo kuti mumvetse mpofunika ndikuuzeni zomwe zinachitika, chifukwa chilichonse chomwe mukuchiona mnyumba mwanumo chili ndi komwe chinachokera.

Pa 17 April 1975 asilikali a gulu la chikomyunizimu la Khmer Rouge, ambiri mwa iwo anyamata ang'onoang'ono ovala zakuda, analowa mumzinda wa Phnom Penh, likulu la Cambodia, patatha zaka zisanu za nkhondo yapachiweniweni. Nkhondoyo inakolera mu 1970 pamene mkulu wa asilikali Lon Nol analanda boma kwa Norodom Sihanouk, ndipo midzi yambiri inali itasakazidwa kale ndi mabomba a ndege za America pakati pa 1969 ndi 1973. Anthu anali atatopa, moti ena anatuluka kukawalandira poganiza kuti basi nkhondo yatha. Tsiku lomwelo a Khmer Rouge analamula kuti aliyense atuluke mumzinda, akuti America ikubwera kudzaphulitsa, mudzabwerera pakatha masiku atatu. Anthu pafupifupi 2 miliyoni anauyatsa ulendo wapansi, nkhalamba, amayi oyembekezera, odwala akukankhidwa pa mabedi a chipatala, mu April amene kumeneko ndi mwezi wotentha kuposa yonse, ndipo ambiri anafera panjira. Matauni ena onse anasamutsidwanso chimodzimodzi. Komanso dziwani kuti chaka chatsopano cha a Khmer, mtundu waukulu wa anthu a ku Cambodia, chimakondwereredwa pakati pa April pomwepo, nthawi yomwe mabanja amakumana, ndiye kwa munthu ngati apongozi anu mwezi umenewu umabwera ndi zonse pamodzi, chikondwerero ndi kukumbukira amene sakupezeka pa chikondwereropo. Thupi limaudziwa mwezi umenewu olo munthu asayang'ane pa kalendala.

Mtsogoleri wawo anali Pol Pot, dzina lake lenileni Saloth Sar, anaphunzirako ku Paris, koma anthu wamba sankamudziwa nkomwe, iwo ankangomva kuti Angkar yalamula, Angkar ikukufuna, ndiye kuti bungwe lolamulalo. Anathetsa ndalama, misika, sukulu, makhothi, chipembedzo, amonke a Chibuda anawavula mikanjo nkuwatumiza kumunda. Ana anawachotsa kwa makolo kuwaika mmagulu a ntchito. Anaika lamulo loti hekitala iliyonse itulutse matani atatu a mpunga, zomwe mmadera ambiri zinali zosatheka, ndiye atsogoleri a mmadera poopa kuoneka olephera ankatumiza mpunga ku likulu anthu olimawo nkumamwa phala lamadzimadzi, timbewu ta mpunga tochita kuwerenga mmbale. Anthu ankakumba ngalande ndi madamu ndi makasu kuyambira mbandakucha mpaka usiku. Kudya kunali kwa gulu, kuphika wekha unali mlandu, kutola nkhanu mmunda wa mpunga kapena kukumba kambatata usiku kunali kuba katundu wa Angkar ndipo anthu ankaphedwa chifukwa cha zimenezo. Mpunga uli pansi pa bedi uja ukuchokera kumeneko. Usiyeni. Ngati mukuopa mbewa kapena kuti zamzitini zipitirira deti, agulireni chigubu chotseka bwino ndipo muzisinthanitsa nawo mwaulemu iwo akuona, musamachotse mobisa, kupeza chakudya chawo chasowa kukhoza kuwabweza kutali kwambiri.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse, nkhani ya homuweki ija. A Khmer Rouge anagawa anthu pawiri, a kumudzi amene anali kale mmadera awo, ndi ochokera mtauni amene ankatchedwa anthu atsopano kapena anthu a 17 April. Atsopanowa ankauzidwa poyera kuti kukusunga palibe phindu, kukutaya palibe chotayika. Ndipo njira yomwe ankapezera oti aphe inali kufunsa mbiri. Ankabwera ndi kope ndi cholembera, mwaulemu ndithu, dzina lako ndani, bambo ako ankagwira ntchito yanji, sukulu unalekeza pati, Angkar ikufuna anthu ophunzira kuti athandize kumanga dziko. Amene ananena zoona kuti ndinali mphunzitsi, ndinali msilikali wa boma lakale, ndimadziwa Chifalansa, ankatengedwa akuti akukaphunzira, osabweranso, ndipo kawirikawiri banja lonse linkatsatira poti iwo ankati ukazula udzu uzule ndi mizu yomwe. Usiku kunkakhala akazitape, ambiri ana, obisala pansi pa nyumba kumvetsera zomwe anthu akukamba, ndipo kunali mawu oti Angkar ili ndi maso ngati a chinanazi, imaona mbali zonse. Amene anapulumuka ndi amene anadziwa kusintha dzina, kunamizira umbuli, kutseka pakamwa. Ndiye taganizani, patapita zaka pafupifupi 50 mdzukulu wawo wokondedwa akubwera ndi kope ndi cholembera nkunena kuti agogo ndiuzeni mbiri yanu. Mwanayo analibe choipa chilichonse mumtima, koma zomwe agogowo anaona ndi chinthu chomwe chinkapha anthu. Kukhala chete kwawoko ndi kumene kunawasunga ndi moyo, sangakusiye lero chifukwa choti aphunzitsi akufuna homuweki Lolemba.

Palinso china chomwe mabanja ambiri sachidziwa. Boma lija linkakwatitsa anthu mokakamiza, maanja ambirimbiri pa mwambo umodzi, anthu osadziwana nkomwe, usiku nkuikapo owazonda kuti aone ngati agonanadi, okana ankaopsezedwa ndi imfa. Sindikunena kuti zinawachitikira apongozi anu, koma amayi ambiri a msinkhu wawo amasunga zimenezi chifukwa ana awo anabadwa mmaukwati amenewo, ena anataya ana oyamba ndi njala ndipo ana a pambuyo sadziwa kuti anali ndi akulu awo. Ena anachita zinthu kuti apulumuke zomwe mpaka pano amadziimba nazo mlandu. Mukamakankha chitseko chimenechi dziwani kuti simukudziwa chomwe chili kuseri kwake, amuna anu nawonso mwina sakudziwa.

Ulamulirowu unatha pa 7 January 1979 pamene asilikali a Vietnam analanda Phnom Penh, unatenga zaka 3, miyezi 8 ndi masiku 20. Anthu amene anafa, ophedwa ndi ofa ndi njala, matenda ndi ntchito yakalavulagaga, akuyerekezedwa pakati pa 1.5 ndi 2 miliyoni, nambala yomwe imatchulidwa kwambiri ndi 1.7 miliyoni, mdziko lomwe linali ndi anthu osakwana 8 miliyoni.

Tibwere kwa amuna anu. Zomwe akunenazo si bodza, ndipo musalimbane nawo ngati kuti alibe mfundo. Chilungamo chinachedwa mochititsa manyazi. Mu August 1979 boma latsopano linazenga mlandu Pol Pot ndi Ieng Sary, amene anali nduna yake yoona za kunja, iwo kulibe nkuwagamula kuti aphedwe, koma dziko lapansi silinaulabadire mlanduwo. Chifukwa cha ndale za nthawi imeneyo, China, America ndi mayiko ena oyandikana nawo sankafuna boma loikidwa ndi Vietnam, ndiye mpando wa Cambodia ku United Nations unakhalabe mmanja mwa a Khmer Rouge ndi anzawo kwa zaka zoposa 10, anthu omwe anapha aja akuyimira dziko la anthu omwe anawapha, uku akupitiriza nkhondo kumalire ndi Thailand komwe amuna anu anabadwira. Pangano la mtendere la ku Paris linasainidwa mu October 1991, chisankho nkuchitika mu 1993. Mu 1996 Ieng Sary anagonja nkukhululukidwa ndi mfumu. Pol Pot anafa mu April 1998 ku Anlong Veng asanaimepo pamaso pa khothi lenileni. Kumapeto kwa chaka chomwecho akuluakulu ena a Khmer Rouge, Nuon Chea ndi Khieu Samphan, anadzipereka ku boma, ndipo nduna yaikulu ya nthawiyo Hun Sen, amenenso anakhalapo msilikali wa Khmer Rouge asanathawire ku Vietnam mu 1977, ananena kuti bwino kukumba dzenje nkukwirira zakale. Ta Mok, mkulu wa asilikali woopedwa kwambiri, anagwidwa mu 1999 koma anamwalira ali womangidwa mu 2006 mlandu usanayambe.

Khothi lomwe amuna anu akunena limadziwika kuti ECCC, linabadwa pa mgwirizano wa boma la Cambodia ndi United Nations wa mu 2003, majaji analumbira mu 2006, ena a mdzikomo ena akunja, likuzengera milandu kunja kwa Phnom Penh. Woyamba kuzengedwa anali Kaing Guek Eav, wodziwika kuti Duch, mphunzitsi wa masamu amene ankayendetsa ndende ya S-21, yomwe pano imatchedwa Tuol Sleng. Inali sukulu ya sekondale, makalasi anawasandutsa zipinda zozunziramo, aliyense wolowa ankajambulidwa chithunzi, kuzunzidwa mpaka alembe kuti ndi kazitape wa CIA ya America kapena KGB ya Soviet Union ndi kutchula anzake, kenako kutengedwa usiku pa lole kupita ku Choeung Ek, makilomita pafupifupi 15 kuchoka mumzinda, kukaphedwa ndi makasu ndi zitsulo posafuna kuwononga zipolopolo. Khothi linapeza kuti anthu osachepera 12,000 anadutsa mmenemo, opulumuka anali ochepa zedi. Duch anapezeka mu 1999 akukhala mwakachetechete ndi dzina lina, atalowa Chikhristu. Mu July 2010 anagamulidwa zaka 35, anthu anakwiya kwambiri poona kuti atachotsa zaka 11 zomwe anakhala kale mndende ndi zina 5 chifukwa chosungidwa mosatsata lamulo zinatsala 19, koma pa apilo mu February 2012 chinasinthidwa kukhala moyo wake wonse, ndipo anamwalira mu 2020.

Mlandu wachiwiri unali wa akuluakulu anayi. Ieng Thirith, amene anali nduna mu boma la Khmer Rouge, anapezeka kuti mutu sukugwiranso chifukwa cha matenda oiwala a ukalamba, anamasulidwa nkumwalira mu 2015. Mwamuna wake Ieng Sary anafa mu March 2013 mlandu uli mkati. Otsala awiri, Nuon Chea amene anali wachiwiri kwa Pol Pot ndi Khieu Samphan amene anali pa udindo wa pulezidenti wa dziko, anapezeka olakwa mu August 2014, kenakonso mu November 2018, kulamulidwa kukhala mndende moyo wonse. Nuon Chea anafa mu 2019 ali ndi zaka 93, ndipo apilo ya Khieu Samphan inakanidwa mu September 2022, khothi nkumaliza milandu. Panali milandu inanso ya akuluakulu a mmadera, monga Meas Muth amene ankatsogolera asilikali a pamadzi, koma boma linanenetsa kuti silikufuna ipitirire, majaji a mdzikomo ndi akunja sanagwirizane, yonse inangothera mmalere. Ndalama zonse zinaposa madola 330 miliyoni. Anthu atatu. Zimenezi zimandiwawa inenso, makamaka ndikaganiza kuti mmidzi yambiri amene anapha ndi manja awo anakalamba moyandikana ndi amasiye a anthu omwe anawapha, kugula pa msika umodzi.

Mwina amuna anu anamvanso kuti mlandu wa jenosaidi sunakhudze a Khmer enieni, ndipo izi zimakwiyitsa ambiri. Pangano la mayiko la 1948 limati jenosaidi ndi kufuna kufafaniza gulu la anthu chifukwa cha dziko lawo, mtundu, khungu kapena chipembedzo, magulu a ndale kapena a ophunzira mulibemo. Nchifukwa chake chigamulo cha 2018 chinati jenosaidi inachitikira a Vietnam okhala mu Cambodia, onse awiri anapezeka olakwa pamenepo, komanso a Cham, amene ndi Asilamu, ankakakamizidwa kudya nkhumba, mizikiti kugwetsedwa, midzi yathunthu kuphedwa, ndipo pa a Cham wolakwa anali Nuon Chea. Zomwe zinachitikira a Khmer, amene ndi ochuluka mwa omwe anafa, khothi linazigamula ngati milandu yolakwira mtundu wonse wa anthu, kupha, kupulula, ukapolo, kuzunza, kusamutsa mokakamiza, maukwati okakamiza aja ndi kugwiririra komwe kunali mmenemo. Pa malamulo umenewu si mlandu wocheperapo, chilango chake chinali chomwecho cha moyo wonse.

Koma pomwe ndikusiyana ndi amuna anu ndi pa mawu oti palibe phindu. Khothi lisanabwere, ana ambiri a ku Cambodia sankakhulupirira makolo awo. Nkhaniyi inali itachotsedwa mmabuku a sukulu kwa zaka zambiri, mwana akamva mayi ake akuti tinkadya phala la timbewu towerengeka ankati nzokokomeza kuti ndimalize mbale. Buku la mbiri ya nthawi imeneyi linayamba kugawidwa mmasukulu a sekondale mu 2009, chaka chomwe mlandu wa Duch unkazengedwa ukuonetsedwa pa TV, anthu a mmidzi ankatengedwa pa mabasi kukaonerera ndi maso awo. Opulumuka ku S-21, Vann Nath ndi Bou Meng amene anasiyidwa amoyo chifukwa chodziwa kujambula, ndi Chum Mey amene ankakonza makina, anaima pamaso pa Duch nkunena zomwe anawachita. Mu mlandu wachiwiri anthu pafupifupi 4,000 analowa ngati odandaula okhala ndi maloya awo, osati mboni chabe, zomwe zinali zachilendo mmakhothi a mtunduwu. Amayi okalamba anaima nkunena za maukwati okakamiza aja koyamba pamoyo wawo, majaji nkulemba kuti unali mlandu, sunali ukwati wamba. Atsogoleri amene kwa zaka zambiri ankati sitinkadziwa, anachita ndi a Vietnam, anafera mndende kapena akukalambira mndende, ndipo pali zigamulo za masamba masauzande zotchula malo, masiku ndi mayina. Ine ndimaona kuti kwa mwana wanu wa zaka 13 zimenezi nzamtengo wapatali, chifukwa akhoza kudziwa choonadi chonse popanda kuchikoka pakamwa pa agogo ake.

Ndiye mwanayo muthandizeni chonchi. Mufotokozereni inuyo ndi bambo ake, mwachidule ndi moona, kuti agogo anadutsa mu zoopsa ndipo kufunsidwa mbiri kumawakumbutsa anthu amene ankafunsa kuti aphe, kuti asaganize kuti agogo amukwiyira kapena iye ndi amene wawadwalitsa, ana a msinkhu umenewu amasenza zinthu zoterezi mwakachetechete. Lankhulani ndi aphunzitsi, ku Massachusetts kuli mabanja ambiri a ku Cambodia makamaka ku Lowell, ndiye pempho loti mwana alembe mbiri ya dzikolo kapena ya ulendo wa bambo ake silingakhale lachilendo. Bungwe la Documentation Center of Cambodia, DC-Cam, lomwe linayamba mu 1995 ndipo limatsogoleredwa ndi Youk Chhang amenenso ndi wopulumuka, lili ndi zambiri pa intaneti, anapeza maenje a manda a anthu ambirimbiri pafupifupi 20,000 ndi ndende 196 mdziko lonselo. Koma zithunzi za ku Tuol Sleng asazione yekha usiku pa foni, mukhale naye pambali.

Kwa apongozi anu, njira yomwe ndaiona ikugwira ntchito ndi yolambalala. Afunseni za nthawi ya nkhondo isanafike, mudzi wawo unali wotani, mayi awo ankaphika chiyani, ankaimba nyimbo zanji, mdzukulu aphunzire kuphika nawo, popanda kope, popanda kujambula vidiyo. Anthu ambiri otere amalankhula manja ali pa ntchito, chiganizo chimodzi basi, mchemwali wanga ankakonda nsomba iyi, kenako zii. Zikatero musalumphirepo ndi mafunso, ingonenani kuti zikomo mayi mwatiuza, nkupitiriza kuphika. Akaona kuti atha kutsegula ndi kutseka okha, amatsegulanso tsiku lina. Ena salankhula mpaka kumwalira, ndipo umenewo ndi ufulu wawo.

Chinanso chachikulu ndi chipembedzo chawo, ngati ndi a Chibuda monga ambiri alili. Kwa iwo chowawa kwambiri si imfa yokha, koma kuti abale awo anafa opanda mwambo, mitembo sinaotchedwe, palibe amonke anapemphera, ndiye mizimu ikungoyendayenda ndi njala. Inu mukudziwa mmene kwathu mtima umakhalira wosakhazikika ngati mbale sitinamuike bwino kapena chiliza sichinamangidwe, ndi zomwezo. Chaka chilichonse chakumapeto kwa September kapena kumayambiriro kwa October kuli Pchum Ben, masiku 15 omwe mabanja amapita kukachisi ndi mpunga ndi zakudya kukapereka kwa amonke mmalo mwa akufa awo, ndipo mayina amalembedwa pa pepala kuti atchulidwe mmapemphero. Olo inuyo muli a mpingo wina, kuwaperekeza, kuwathandiza kuphika, kunyamula mbale, nkothandiza kuposa mafunso 100. Mabanja ambiri amadziwira pomwepo mayina a amalume ndi azakhali amene sanawamvepo, poona zomwe agogo alemba pa pepala lija. Palinso 20 May, tsiku lomwe dziko la Cambodia limakumbukira anthu amenewa, koma ku Choeung Ek pa tsikuli amachita masewero oonetsa kuphedwa kwa anthu, mavidiyo ake amazungulira pa Facebook, yesetsani asawafikire mwadzidzidzi.

Ngati tsiku lina iwo eni atanena kuti akufuna kudziwa komwe mbale wawo anathera, zotheka zilipo ngakhale si nthawi zonse. DC-Cam ndi nyumba yosungira mbiri ya Tuol Sleng amathandiza mabanja kufufuza mayina ndi zithunzi, mafayilo a ku S-21 analembedwa mu kaundula wa UNESCO mu 2009. Chenjezo langa ndi loti chomwe chimapezeka nthawi zambiri ndi chithunzi cha munthuyo atangomangidwa pamodzi ndi chikalata chovomera milandu yabodza chomwe analemba akuzunzidwa, mwina akutchulamo abale ake omwe. Ayambe aona amuna anu, akhale nazo masiku angapo, kenako afunse mayi awo kuti akufuna kudziwa mpaka pati. Komanso anthu ochuluka anafera mmidzi komwe kunalibe kulemba kulikonse, ndiye konzekerani kuti mwina simupeza kanthu. Za ulendo wopita ku Cambodia, ngati akuufuna okha ndi bwino, koma pulogalamu apange iwo, ambiri amafuna kumudzi kwawo ndi kukachisi, safuna kukaona zigaza zomwe zili mu nsanja ya ku Choeung Ek, ndipo pakati pa a Cambodia eni ake alipo ambiri amene amati mafupa amenewo anayenera kuotchedwa mwamwambo osati kuonetsedwa. Inu ndi mwana mukhoza kupita kumaloko panokha.

Amuna anu musawaiwale. Munthu wobadwira mu kampu nkukulira mnyumba yomwe nkhaniyi sitchulidwa amaphunzira msanga kuti kufunsa kumadwalitsa mayi, ndiye akamati tingozisiya mwina akuteteza mayi awo mmene akhala akuchitira kuyambira ali mwana. Afunseni mofatsa, muli awiri, kuti iwowo amafuna atadziwa chiyani.

Za chipatala, inu ndinu namwino ndiye mukudziwa kuti chizungulire ndi kuthamanga kwa mtima pa msinkhu umenewu siziyenera kungotayidwa kuti ndi maganizo, BP, shuga, chithokomiro ndi mtima ziziyezedwa ndithu. Koma zonse zikatuluka bwino, auzeni adokotala mbiri ija, chifukwa ambiri safunsa. A Khmer ali ndi katchulidwe kawo ka vutoli, amati khyâl, mphepo yomwe imakwera mthupi, khosi kuuma, manja kuzizira, kuopa kuti ukufa, ndipo linalembedwa mu buku la madokotala a za maganizo la DSM-5, ndiye dokotala wodziwa anthu amenewa akamva mawu amenewo amadziwa pogwira. Mukawauza apongozi kuti tiyeni kwa dokotala wa amisala akana, ndipo adzakhumudwa, koma mukati tiyeni tikaonetse za tulo ndi chizungulirechi amavomera. Pemphani womasulira wa chipatala, makamaka wamkazi, asamasulire mwana wawo kapena mdzukulu, pali zinthu zomwe mayi sanganene kudzera pakamwa pa mwana wake wamwamuna. Thandizo lilipo, uphungu wa anthu odziwa za PTSD, mankhwala ochepetsa maloto oipa, magulu a amayi achikulire a ku Cambodia amene amakumana kukachisi kapena mzipatala za mmadera, ndipo ndaonapo anthu a zaka za mma 70 akuyamba kugona bwino.

Musadikire April wina ngati mukuona izi: akukana chakudya kupitirira tsiku limodzi kapena awiri, akuonda, sakugona masiku otsatizana, akuyamba kusokoneza nthawi ngati kuti ali mu 1976 kapena kukuonani ngati msilikali, akubisala kapena kufuna kuthawa mnyumba usiku, kapena akulankhula zofuna kutsatira abale awo. Zosokoneza nthawizi nthawi zina ndi chiyambi cha matenda oiwala, amene amagwetsa mpanda womwe munthu anamanga zaka zonsezi zakale zija nkubwerera ngati zachitika dzulo, ndiye mpofunika kuyezetsa msanga. Akatchula zofuna kufa, olo monong'ona, musawasiye okha, chotsani mankhwala pafupi, imbani 988 yomwe ndi nambala ya thandizo la mtunduwu kumeneko ku America kapena pitani nawo ku emergency tsiku lomwelo, ndipo munene pofika kuti mukufuna womasulira wa chi Khmer.